Ndinamulembetsa mpingo umene anausiya

Pa Likoma funso la chipembedzo timaliyankha wofunsa asanamalize. Tchalitchi cha St Peter's pa Chipyela, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903, chinabatiza agogo athu, makolo athu ndi ifeyo. N'chifukwa chake mu Seputembala 2018, mtsikana wa kalembera atakhala pakhonde ndi tabuleti yake n'kufunsa kuti aliyense m'nyumba muno amapemphera kuti, sindinachedwe: "Muno tonse ndi a Anglican." Anadina, tinapita pa funso lina.

Ndinanama, ndipo ndinkadziwa kuti ndikunama. Tinkakhala ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anapita ku Nkhotakota kukapha usipa, n'kukwatira komweko, n'kulowa Chisilamu. Chaka chomwecho mayi a kunyumba ankamusungira nsima mpaka dzuwa litalowa, chifukwa ankasala pa Ramadani. Tsiku la kalemberalo iye anali panyanja. Mtsikanayo ankadziwa mtundu wathu wonse, ndipo pakamwa panga panalemera kunena kuti mwana amene ndinamulera, amene ankaimba kwaya, tsopano amaswali.

Zotsatira zitatuluka zinati m'Malawi muli anthu 17,563,749, ndipo pa 100 alionse Asilamu ndi 13.8, a Anglican 2.3. Atsogoleri ena a Chisilamu akhala akunena kuyambira kale kuti alipo ambiri kuposa momwe amalembedwera, ndipo ine ndinali mmodzi wa oyankha kuti akungofuna kutchuka. Nthawi iyi mawuwo anandikanika. Msilamu mmodzi ndinamuchotsa ndekha, ndi pakamwa panga.

Sindikunena kuti kalembera ndi wabodza. Popanda iye boma lingadziwe bwanji za mankhwala ndi sukulu za anthu a boma la Likoma, amene mu 2018 analipo 14,527? Koma wolemba safunsa munthu aliyense payekha. Amene wapezeka pakhomo, kawirikawiri mwini nyumba, ndiye amayankhira onse: ali kudimba, ali panyanja, ndi amene akuopa kulankhula pamaso pa bambo ake. Pa zaka kapena mtundu wa denga, wolemba angathe kuona ndi maso. Pa chikhulupiriro amangolemba zimene wauzidwa.

Ndimaganiza za ku Mangochi ndi Machinga, kumene ambiri ndi Asilamu. Kumeneko kuyenera kuti kuli bambo wonga ine, amene mwana wake amapita kutchalitchi mwakabisira, naye n'kuyankha kuti muno tonse ndi Asilamu. Kumene chipembedzo chimodzi chili ndi mphamvu, wochokamo ndiye amasowa m'chiwerengero. Ku Egypt Akhristu a mpingo wa Coptic amatsutsana ndi ziwerengero za boma pa kuchuluka kwawo. Nigeria sinafunse n'komwe funsoli pa kalembera wa 2006, ndipo Lebanon sinawerengenso anthu ake chiyambire 1932, poopa zimene manambala angautse.

Ndinadzamuuza mphwangayo za bodza langalo tikusoka ukonde. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Amalume, ine sindinakubisireni. Nanga inu mumandibisiranji?" Sanakwiye, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Anati akadzabweranso a kalembera ndidzamuitane, ngakhale atakhala ku Chizumulu, adzadziyankhire yekha.