Mwana akafuna kung fu, yambirani kuchipatala

Nkhani ya leroyi ena aiona ngati yachibwana. Mayi wamkulu ngati ine, imvi zili mbuu, wopuma pantchito ya unamwino, nkumakamba za kung fu? Koma dikirani kaye mumve chomwe chidandichititsa.

Ine ndimakhala kuno ku Chitala m'boma la Salima, kufupi ndi malo ofufuzira zaulimi aja. Mu Okutobala 2024 kudabwera mnyamata wina wooneka bwino, wa minofu yake, atamanga kansalu kofiira kumutu. Ati adaphunzira kung fu kwa Mtchaina wina ku Johannesburg. Adayamba kusonkhanitsa ana pabwalo la mpira, mwana aliyense K2,000 pamwezi. Ana adakhamukirako ngati ntchentche pa mango. Mdzukulu wanga wa zaka 11 naye adandivutitsa usiku ndi usana, mpaka ndidatulutsa ndalamayo. Ndivomere pano kuti sindidapiteko nkomwe kukaona zomwe amachita. Ndidangoti bola akuchita masewera kusiyana ndi kumangozungulira pamsika.

Tsiku lina madzulo mayi woyandikana nane adabwera akuthamanga. "Anesi, tabwerani mudzamuone mwana wanu uyu, sakudya." Nditafika ndidapeza mnyamata wa zaka 10 atadzipinda pamphasa. Ndidamufunsa pomwe pakupweteka, iye nkuloza phewa lamanzere. Ndidati, "Wagwa kodi?" Adati ayi. Nditatembenuza chikope chake m'kati mudali moyera, zikhatho zoyera, thukuta lozizira, mtima ukuthamanga ngati wa mbalame, ndipo amangopempha madzi. Pamenepo mnzake wina adaulula kuti aphunzitsi adawandanditsa pamzere nkumawamenya chibakera pamimba mmodzimmodzi, ati kulimbitsa mimba.

Thupi langa lidachita tsemwe. Phewa lamanzere likamapweteka munthu atamenyedwa pamimba, ife achipatala timaganiza za kapamba, kuti waphulika ndipo magazi akutayikira m'kati. Tidapeza galimoto usiku womwewo mpaka kuchipatala cha boma ku Salima, ndipo kumeneko adamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwanayo ali moyo, tithokoze Mulungu, koma kapamba adamuchotsa.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, makamaka inu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, kuno ku Salima mpaka ku Mangochi. Kapamba amakhala kumanzere, wobisala pansi pa nthiti, ndipo nthitizo ndiye mpanda wake. Koma mwana amene wadwala malungo kawirikawiri, kapena ali ndi likodzo la m'matumbo, kapamba wake amatupa nkutsika kupitirira nthiti. Mwanayo amayenda bwinobwino, kusewera mpira, kuseka, inu osadziwa kanthu. Chibakera chimodzi chomwe mwana wina akadangolira nkuiwala, kwa iyeyu chitha kukhala imfa. Zaka zonse ndidagwira ntchito ndagwirapo mimba za ana otere osawerengeka. Ndiye mphunzitsi wochokera kutauni sangazidziwe izi, ngakhale Mtchaina weniweni wochokera ku Beijing sangaziganizire msanga. Mukuyenera kuziganizira ndinu.

Zitachitika izi ndidalumbira kuti m'nyumba mwanga dzina la kung fu lisamvekenso. Mdzukulu uja adalira, ine osalabada. Koma patapita masabata ndidamupeza kuseri kwa khola akumenya mtengo wa mango ndi nkhonya, zala zitatupa. Ndidazindikira kuti kuletsa kwangaku kwangomuchotsa pamaso panga. Anawa amaonera mafilimu a Jet Li ndi Jackie Chan m'mavidiyo a pamsika, omasuliridwa m'Chichewa momwe, ndipo akatuluka amayeserera. Nafenso paunyamata wathu anyamata onse ankafuna kukhala Bruce Lee, ngakhale mwini wakeyo adamwalira kale mu 1973. Tsono ndidaganiza kuti m'malo molimbana ndi mwana, ndiyambe ndaphunzira ineyo.

Choyamba chomwe ndidapeza nchakuti kuno timangophatikiza zonse nkumati karate. Karate ndi ya ku Japan, taekwondo ndi ya ku Korea, ya ku China ndiye kung fu, yomwe eni ake pamipikisano amaitcha wushu. Malamba amitundumitundu aja, oyera mpaka akuda, adayambira ku Japan. Sukulu zakale za ku China sizinkayendera malamba, ngakhale masiku ano zina zidatengerako. Ndiye munthu akamadziguguda pachifuwa kuti ali ndi lamba wakuda wa kung fu, lambayo asakusokonezeni, amagulitsa pakaunjika. Mufunseni kuti adakuphunzitsani ndani, kuti, kwa zaka zingati, nanga tingawaimbire foni? Kwa Atchaina wophunzira weniweni amatchula mphunzitsi wake ndi amene adaphunzitsa mphunzitsi wakeyo, monga momwe ife timafunsira munthu mfunda wake ndi kwawo. Mnyamata wathu uja, nditafufuza pambuyo pake, palibe kholo ndi limodzi lomwe lomwe lidamva dzina la Mtchaina wa ku Johannesburg uja.

Dzina lomwe amakonda kunamizira ndi Shaolin. Iyi ndi nyumba ya chipembedzo cha Chibuda m'chigawo cha Henan ku China, yomwe idamangidwa m'chaka cha 495, ndipo idatchuka dziko lonse kaamba ka filimu ya Jet Li ya mu 1982. Dzinali limagulitsa malonda. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mu 2025 mkulu wa nyumba yeniyeniyo, Shi Yongxin, adachotsedwa paudindo pomuganizira kuti ankasakaza ndalama. Ngati kulikulu komweko kumafunika kufunsa mafunso, nanji pabwalo la mpira ku Chitala?

Malo enieni ophunzitsa kung fu aliko ndithu kumbali yathu ino. Kufupi ndi Blantyre kuli Amitofo Care Centre, yomwe adayambitsa m'busa wa Chibuda wa ku Taiwan, Hui Li, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kumeneko amalera ana amasiye, kuwaphunzitsa sukulu, chilankhulo cha Chitchaina ndi kung fu, ndipo ena mwa anawo akhala akupita kunja kukaonetsa luso lawo. Mu 2019 kudatuluka filimu yotchedwa Buddha in Africa yonena za mnyamata wina wa kumeneko, yoonetsa ubwino womwe adapeza komanso kuvutika kwake mumtima pakati pa moyo wa pamalopo ndi wa kwawo kumudzi. Ku Lusaka m'dziko la Zambia kulinso malo a Shaolin, komwe mu 2023 kudachitikira mpikisano wa kung fu wa maiko a mu Africa. Ndatchula malowa kuti mudziwe chinthu chimodzi: sukulu zina za kung fu zimayendera limodzi ndi chipembedzo, kadyedwe ndi mapemphero ake. Sindikuti nzoipa ayi. Ndikuti funsani poyamba, inu Mkhristu kapena Msilamu, kuti mudziwe chomwe mukuvomera, musadzayambe kukangana mwana atazolowera kale.

Koma ambirife sitidzafika ku Lusaka. Chomwe tidzakumane nacho ndi kagulu ka m'holo ya sukulu kutauni kapena mnyamata wa pansi pa mtengo. Ndiye pitani mukakhale pansi muonerere, osati tsiku lomwe wakuitanani koma lomwe sakukuyembekezani. Akakuuzani kuti makolo saloledwa chifukwa maphunzirowa ali ndi zinsinsi, gwirani mwana wanu padzanja muzipita. Chimodzimodzi amene amaitanira mwana mmodzi kunyumba kwake ati maphunziro apadera. Pantchito yanga ndalandirapo ana, atsikana ndi anyamata omwe, ochitidwa zoipa ndi anthu omwe makolo ankawakhulupirira, ndipo nthawi zambiri zinkayamba ndi mawu akuti mwana wanuyu ali ndi luso lapadera. Mukakayikira, nambala ya 116 ndi yaulere, ndiponso kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza. Wina akati amutengera mwana kunja, musasaine pepala lililonse musadapite ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu.

Mukamaonerera, miyezi yoyamba iyenera kukhala yotopetsa kuiona. Ana amathamanga pang'ono, kudziwongola, kenako kuima atatangadza miyendo ngati akwera hatchi, nkumabwereza mayendedwe omweomwewo popanda kukhudzana. Kumenyana kwenikweni, komwe amati sanda, ndi kwa okulirapo, ndipo kumafuna magolovesi, chipewa choteteza mutu ndi kotchingira mano. Ngati pa sabata yoyamba ana ayamba kale kuponyerana zibakera, pamenepo palibe sukulu.

Mafupa a mwana amakulira kumapeto, pafupi ndi mfundo, ndipo malo amenewo amakhala ofewa mpaka atatha msinkhu. Kumenya mtengo, khoma kapena njerwa kutha kuwononga malowo, chala kapena mkono nkukula mokhota. Nazonso zomukhalira mwana pamsana kuti miyendo itambasuke mpaka pansi, iye akulira, nzosafunika. Thupi limafewa lokha pang'onopang'ono. Mwana akamenyedwa m'mutu nkuyamba kusanza, kusinza nthawi yosayenera kapena kulankhula zosokonekera, musati agone adzuka bwino. Thamangani naye.

Nanga dzuwa? Inu mukulidziwa dzuwa la ku Salima mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Mnyamata uja ankayamba 2 koloko masana, ana ena asanadye nkomwe, ndipo madzi ankaletsa, ati msilikali samwa madzi. Bodza limenelo. Masewera otere achitike m'mawa kapena dzuwa litapendeka, chigubu cha madzi chili pambali. Ndipo wina akatchula zotemera mphini m'manja kuti nkhonya ilemere, dziwani kuti ku China kulibe zimenezo, ndipo lezala imodzi yodutsa pa ana khumi mukudziwa nokha zomwe imanyamula.

Akuluakulu nanu ndikunenani. Bambo wa zaka 45, mimba ili patsogolo, BP osayezetsa chibadwire, akufuna kudumpha ngati Jackie Chan tsiku loyamba. Yambani mwayezetsa BP ndi shuga. Kwa ife amsinkhu wanga kuli mtundu wina wofatsa wotchedwa tai chi, womwe bungwe la UNESCO lidauika pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2020. Munthu umasuntha pang'onopang'ono, kusamutsa thupi kuchoka mwendo uwu kupita uwo, kupuma mwadongosolo. Achipatala amavomereza kuti umathandiza okalamba kuima molimba ndi kuchepetsa kugwa, ndipo amene adasamalirapo gogo wothyoka m'chiuno akudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono. Koma sumachiza BP kapena shuga. Mphunzitsi akakuuzani kuti siyani mapiritsi, musiyeni iyeyo. Ine ndimayeserera m'mawa pabwalo panga, kutsatira kanema wa pafoni yomwe adandigulira mwana wanga. Aneba poyamba ankati agogo ayamba kuvina gule wopanda ng'oma. Pano amayi awiri amabwera kudzavina nawo.

Za mdzukulu uja, ndidayamba ndapita naye kuchipatala ndi buku lake. Musamadinikize nokha mimba ya mwana kunyumba. Auzeni achipatala kuti mwanayu akufuna kuyamba masewera omenyana, amuone kapamba, magazi, ndipo muwakumbutse ngati ali ndi mphumu, khunyu kapena matenda a sickle cell. Wanga adampeza ndi likodzo, adamwa mankhwala, kapamba adali bwino. Patchuthi adapita kwa azakhali ake ku Lilongwe, ndipo kumeneko tidayendera magulu atatu. Lomwe ndidasankha, kunena zoona, silidali la kung fu nkomwe koma la karate. Mwanayo adanyinyirika, ati iye amafuna za Shaolin. Koma mphunzitsi wake, bambo wachikulire wolankhula motsitsa, asanafunse za ndalama adayamba wafunsa buku la kuchipatala, kenako adandipatsa mpando kuti ndikhale ndionerere mpaka kumapeto. Pakona padali chidebe cha madzi ndi kabokosi ka mabandeji. Ine ndidagonja pomwepo.

Mnyamata wa kansalu kofiira uja adasowa usiku womwe tidapita kuchipatalawo, ndalama za mwezi wotsatira za makolo ena zili m'thumba. Mwana wa aneba adachira, adabwerera kusukulu. Popeza alibe kapamba, malungo kwa iye ndi oopsa kuposa kale, moti amagona m'neti chaka chonse ndipo thupi likangotentha pang'ono mayi ake amapita naye tsiku lomwelo. Mdzukulu wanga akabwera kutchuthi nkumaonetsa zomwe waphunzira, mnzakeyo amakhala pakhonde langa nkumamuwerengera, wani, thu, fili, ndipo akalakwitsa phazi amamuuza kuti abwereze.