Augusta, Mzinda Umene Unalera James Brown

Mlendo wofika ku Augusta, m'cigawo ca Georgia ku America, amayamba waona mtsinje wa Savannah. Mtsinje umenewu ndiwo malire: tsidya lino ndi Georgia, tsidya linalo ndi South Carolina. Kale mzindawu unali msika waukulu wa thonje, ndipo madzi a m'ngalande imene inakumbidwa mu 1845 ndiwo anali kuyendetsa makina oomba nsalu. Olima thonjelo anali anthu akuda, poyamba monga akapolo, pambuyo pace monga anchito a malipiro ocepa.

Pa mseu waukulu wochedwa Broad Street paimirira cifaniziro ca mkuwa ca munthu wamfupi, wokolekera mwinjiro m'mapewa, cokuzira mau ciri m'manja. Ameneyu ndi James Brown, katswiri wa nyimbo za rhythm and blues, ndipo cifaniziroci cinaimikidwa mu 2005.

Iye anabadwira tsidya la mtsinje, ku Barnwell, mu 1933. Makolo ace atalekana, anakulira ku Augusta kwa acibale ace. M'miseu yomweyi mnyamatayu anali kupukuta nsapato za anthu ndi kubvinira asilikari a ku Camp Gordon kuti amponyere timakobiri. Sukulu anailekeza panjira. Mu 1949, ali ndi zaka 16, anamangidwa cifukwa ca kuba m'magalimoto, namtumiza ku ndende ya ana ku Toccoa.

Kumeneko anayamba kuimba nyimbo za chalichi pamodzi ndi akaidi anzace. Banja la woimba wina, Bobby Byrd, linamthandiza kuti amasulidwe mu 1952, ndipo awiriwa anaimbira limodzi m'gulu la Famous Flames. Mbale yao yoyamba, "Please, Please, Please", inaturuka mu 1956. Mu 1962 mwini kampani ya mbale atakana kujambula maimbidwe ace m'nyumba ya Apollo ku New York, Brown analipira yekha, ndipo mbaleyo inagulidwa kwambiri zedi. Pa nchito anali wouma mtima: woliza lipenga akaphonya, kapena akabwera ndi nsapato zosapukuta, anali kumdula malipiro.

Mu 1969 anagula nyumba ya wailesi ya WRDW mu Augusta momwemo. Mu December 1970 anafika kuno ku Zambia, naimba ku Lusaka ndi ku Ndola, naonananso ndi Mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda.

Komabe kuchuka sikunamcotsere mabvuto. Mankhwala ozunguza bongo ndi ukali zinamgwetsa, mkazi wace anakamdandaula ku polisi za kummenya, ndipo mu 1988 analowanso m'ndende kufikira 1991. Anthu a ku Augusta anazidziwa zonsezi, koma mwana wao sanamtaye. Mu 1993 mseu wina wodutsa dera la anthu akuda anaucha James Brown Boulevard.

Nayenso sanaiwale kumene anacokera. Caka ndi caka anali kugawira mabanja osauka a mumzindamo nkhukundembo, ndipo pa nyengo ya Khrisimasi anali kupatsa ana zidole. Anatero ngakhale mu 2006, masiku ocepa asanamwalire pa tsiku la Khrisimasi lomwelo, ali ndi zaka 73.