Safunsa Adadya Phula: Za Manda ndi Mbiri ya Mbumba

Mnyamata wina wobadwira ku Ndirande adakwera basi ya ku Dedza, kwawo kwa malemu mayi ake, kope lili m'thumba. Cholinga chake chidali chakuti apeze pamene padagona agogo ake awiri, makolo a mayi akewo, kuti amangepo ziliza.

Iye adazolowera manda a mumzinda, kumene dzina ndi chaka zimalembedwa pamwala. Choncho atangotula chikwama adalunjika kumsitu. Malume ake adamugwira pamkono nati, "Mphwanga, kumanda salowa ngati kumsika. Tiye tikaonekere kaye kwa amfumu."

Malumewo sadalakwe. Pakati pa Achewa manda ndi a mudzi wonse, ndipo mfumu ndiyo imaloleza kulowamo. M'midzi yambiri dambwe la Gule Wamkulu limakhala komweko, kotero kuti wosagula njira akalowa yekha amapalamula mlandu.

Amfumu atavomera, adaitanitsa mkulu wina amene adakhala akutsogolera adzukulu kwa zaka zambiri. Dzina lakuti adzukulu pano silikunena ana a ana, koma anthu okumba manda ndi kusamalira maliro. M'msitumo mnyamatayo adapeza mitumbira yotitimira, mitengo ya nkhadze ndi mapale a miphika. Dzina lolembedwa padalibe ndi limodzi lomwe. Koma mkulu uja adayenda osadodoma, naima patsinde pa mtengo wina.

"Agogo ako aakazi ali apa, pambali pa mayi awo. Mbumba imagona pamodzi."

"Nanga agogo aamuna, bambo?"

"Aja adali mkamwini. Abale awo adadzawanyamula, adakagona kwawo."

Apa mpamene mnyamatayo adazindikira kuti kumene kuli chikamwini, manda a mwamuna amafunidwa kuchikazi kwake osati kumene adakwatira. Adamvanso za mchimwene wa agogo akewo, amene adapita ku Joni pa Wenela osabwereranso. Machona otere mitumbira yawo ili kutali, ndipo kumudzi kudangotsala dzina.

Kodi mapepala sangathandize? Amathandiza ndithu, koma ali ndi malire. Lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense m'Malawi lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Makolo ambiri akumudzi amene adamwalira kale boma silidawalembe. Amene adayamba kulemba anthu wamba ndi a mishoni, monga a ku Mvera kumene adafika mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mua mu 1902. M'makaundula a mipingo mumapezeka maubatizo, maukwati, ndipo mwina ndi imfa zomwe. Ku Zomba nakonso kuli nyumba yosunga zolemba zakale za dziko lino, imene idatsegulidwa mu 1947.

Komabe wopita kukafufuza m'mabuku amenewa ayenera kunyamula maina onse a munthuyo. Kale munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali, lina la paubatizo, kuphatikizapo chiwongo chake monga Phiri, Banda kapena Mwale. Mnyamata uja adafufuza ku tchalitchi cha kwawoko tsiku lathunthu osaphula kanthu, mpaka mayi wina wokalamba adamuuza dzina limene agogo akewo adabatizidwa nalo. Atabwerera, adalipeza m'kanthawi kochepa. Bukulo lidamuuza chaka cha ubatizo, koma za pamene adagona silidanenepo kanthu. Zimenezo zidali m'mutu mwa mkulu wa adzukulu uja.

Madzulo ake mnyamatayo adakhala pamphasa ndi mkuluyo, najambula msitu wonse m'kope: mtengo uwu, chulu icho, wogona apa ndi uje, mwana wa uje. Adalemba mitumbira 23 ya mbumba yake. Mvula itagwa kawiri, mkulu uja naye adatsikira kulichete, ndipo kope lija lidasanduka mboni yokhayo.

Mawu a akulu akoma akagonera, komatu amagonera mwa amene adawamva. Mdzukulu amene agogo ake adakali moyo asadikire tsiku la maliro. Apite ndi kope, apereke moni mwaulemu, akhale pansi ndi kufunsa.