Disiki sinafe, ikungoyenda wapansi

Kompyuta ina inafika pa kabaza itakulungidwa m'chitenje, mwiniwake akutsatira pambuyo. Ndi mayi wa kashopu kosindikiza makadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro, ndipo mlandu anali atauweruza kale kunyumba: hard drive yafa, amugulitse ina. Kukopera zithunzi zochepa chabe kumatenga nthawi yoti munthu n'kuvundula nsima mpaka kuomola. Nyimbo zimadukaduka, kamuvi ka mausi kamayenda modumphadumpha.

Mmisiri amene anailandira wakhala akutsegula makompyuta ku Limbe kuyambira masiku a Windows XP, ndipo makina a mayiwa anali a nthawi yomweyo. Sanathamangire sikuludiraiva. Anayatsa kompyutayo, n'kulowa mu Device Manager, pamene pali IDE ATA/ATAPI controllers, ndipo pamzere wa Current Transfer Mode anapeza zomwe ankaziganizira: PIO Mode.

"Mayi, disiki yanuyi ili moyo," anatero. "Angoitsitsa m'galimoto, ikuyenda wapansi."

Iye amafotokoza kuti katundu wochoka m'disiki ali ndi njira ziwiri zofikira ku memory. Pa PIO, purosesa imasenza yokha kalikonse, ngati mwini golosale amene akutsitsa yekha mabelo a shuga m'lole makasitomala ali ndandanda pakauntala. Liwiro lake likafikapo ndi 16.6 MB pa sekondi, koma chopweteka kwambiri n'choti ntchito zina zonse zimaima kudikira bwanayo. N'chifukwa chake nyimbo imaduka. Pa DMA, disiki imapereka katundu molunjika ku memory, purosesa n'kumachita zina. Ultra DMA mode 2 imafika 33 MB pa sekondi, mode 5 imafika 100, mode 6 imafika 133.

Nanga ndani anaitsitsa m'galimoto? Windows XP yomweyo. Imawerenga nthawi iliyonse imene disiki yachedwa kuyankha kapena uthenga wafika utasokonekera, ndipo zolakwikazo zikakwana 6 imatsitsa liwiro, pang'onopang'ono mpaka pa PIO. Ikafika pamenepo siikwezanso yokha, ngakhale vuto litatha kalekale. A Microsoft eniake analemba za khalidweli. CD imodzi yokandika inali yokwanira kulemaza choseweretsa ma CD kwa miyezi. Mankhwala ake ndi achidule: kuchotsa channel ya disikiyo pa IDE ATA/ATAPI controllers mu Device Manager, kuzimitsa makina ndi kuyatsanso, Windows n'kuiyika mwatsopano itaiwala milandu yakale.

Koma apa m'pamene mmisiriyu amasiyana ndi anyamata othamangira ndalama. Akuti kufufuta chiwerengero osapeza chimene chimabala zolakwikazo n'kungoitanira kasitomala kuti abwerenso sabata yamawa ali wolusa. Anatsegula bokosi, n'kuuzira fumbi, ndipo anapeza chingwe chophwatalala cha disiki chitapanidwa ndi chitseko cha m'mbali, mawaya awiri atasupuka.

Pa zingwezi amayankhulapo mpaka tiyi kuzizira. Pali cha mawaya 40 ndi cha mawaya 80, koma zonse zili ndi pulagi yofanana ya mapini 40, choncho zimalowa bwinobwino popanda kudandaula. Mawaya 40 owonjezerawo sanyamula uthenga, ntchito yawo ndi kutchinga kuti mawaya oyandikana asasokonezane. Ukaika chingwe cha mawaya 40, disiki ya 100 imatsekeredwa pa 33, ndipo mwiniwake akhoza kukhala nayo zaka osadziwa. Mitundu ya mapulagi nayo siyokongoletsera: yabuluu imapita pa motherboard, yakuda ya kumapeto pa disiki ya master, yotuwa ya pakati pa slave.

Asanaweruze disiki iliyonse, amaifunsa kaye. Ma hard drive amasunga okha kaundula wa matenda awo, wotchedwa SMART, ndipo kapulogalamu ngati CrystalDiskInfo kamamuwerenga. Chiwerengero cha pa mzere 199 m'kaundulamo chikamakwera, kawirikawiri wolakwa ndi chingwe kapena pulagi. Chiwerengero chimenecho sichibwerera pa ziro, ndiye choyang'ana n'chakuti chikukwerabe kapena chaima. Koma za pa mizere 5 ndi 197 zikayamba kukwera, ndiye kuti mbale za m'kati mwa disiki zikuwonongeka, ndipo pamenepo sanyengerera: koperani zanu lero lomwe.

SATA itabwera, zingwe zophwatalala ndi tima jumper tosankhira master ndi slave zinapita, koma mavuto anangosintha malaya. Pali nkhani imodzi imene amaikamba akuseka pang'ono, ngakhale zikuoneka kuti imamuwawabe.

"Ndidakali wongoyamba kumene, abambo ena anabweretsa ya Windows 7 yomwe imangoonetsa sikirini yabuluu, 0x0000007B, n'kuyambanso. Ine ndinati Windows yavunda. Ndinafufuta zonse n'kuyika ina, zithunzi za ana awo n'kupita nazo. Pambuyo pake m'pamene ndinaona kuti wotchi ya kompyutayo imanena chaka cholakwika. Kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, kanali katatha, BIOS inaiwala zonse n'kusintha disiki kuchoka pa AHCI kupita pa IDE. Windows imangolephera kuipeza disiki yake basi. Ndikanangobwezera pa AHCI, zikanatha m'mphindi imodzi."

Kuyambira tsiku limenelo, makina okana kudzuka akafika, amayamba wayang'ana tsiku ndi nthawi mu BIOS.

Kompyuta ya mayi uja inavekedwa chingwe cha mawaya 80 chochokera m'katoni ya zotsalira pansi pa tebulo. Channel ija itachotsedwa, makina n'kuyatsidwanso, mzere uja unalemba Ultra DMA Mode 5, ndipo zithunzi zija zinadutsa mayiwo asanamalize kumasula mfundo ya ndalama pachitenje. Anayang'ana chingwe chakale chili patebulo, anayang'ana mmisiri, n'kufunsa ngati mtengo wa ntchito sungatsikeko poti disiki sanaisinthe.