Chilala Chimayamba Maso Asanachione

Ife a ku Kasinje, m'chigwa cha Bwanje muno, chilala timachidziŵa ndi maso: chimanga chikapinda masamba dzuŵa lili paliwombo, mitsinje ikasanduka mchenga, amayi nayamba kulaŵirira ku chitsime tambala asanalire. Koma pamene tikuona zimenezi, tsoka limakhala litaloŵa kale m'munda. Nchifukwa chake akatswiri a zanyengo amayesetsa kuchizindikira chisanafike pakhomo.

Chida chawo choyamba nchosaoneka ngati kanthu: kachitini kokhala ndi fanulo, koimikidwa pamtetete. M'maŵa uliwonse munthu amathira madzi a m'menemo m'kabotolo kamizere, naŵerenga mamilimita. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi m'lifupi momwe. Nthambi ya Zanyengo ku Blantyre imasonkhanitsa ziŵerengerozi masiku khumi aliwonse, nizilinganiza ndi mvula imene dera lomwelo lakhala likulandira pa zaka 30. Ikapereŵera kwambiri kwa miyezi yotsatana, chimenecho ndicho chilala.

Komatu kuchuluka kwa mvula pakokha sikudzaza nkhokwe. Motero amaŵerenganso masiku otsatana opanda dontho, pakuti ng'amba ya masabata atatu pamene chimanga chikutulutsa ngayaye ingathe kupha zokolola, ngakhale mvula ya chaka chonse itakwanira papepala. Mumlengalenga namonso masetilaiti amajambula minda ndi madambo, kuonetsa kumene zomera zikufota. Ndipo popeza mvula yathu imayenderanso nyengo ya kutali, pa nyanja ya Pacific pali zida zoyandama zoyeza kutentha kwa madzi. Akatentha mopitirira ndiye El Niño, amene kaŵirikaŵiri amachepetsa mvula kuno kwathu.

Makolo athu pa njala ya 1949 analibe chenjezo lotere. Ife mu 2023 tinachenjezedwa za El Niño mvula isanayambe. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti wa nthaŵiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwidwa ndi tsoka.

Tsono tidzifunse, abale. Tinamva pa wailesi, koma ndi angati mwa ife amene anadzala mapira, mbatata kapena chimanga chocha msanga? Ndi angati amene anasungako thumba m'malo mogulitsa zonse? Ambirife tinalima monga mwa masiku onse, nkumati akatswiri nawo amaphonya. Zoona, amaphonya nthaŵi zina, koma chaka chimenecho sanaphonye. Kachitini kaja kamangoŵerenga madontho. Khasu ndi mbewu zili m'manja mwathu.