Ulendo wa ku Likhubula

Ku Bangwe munthu sakwera galimoto popanda chifukwa. Akamapita ku Mulanje ndiye kuti kwagwa zovuta, apo ayi akukapikula nanazi zodzagulitsa pamsika. N'chifukwa chake mkulu wina wa m'deralo, mmisiri wa matabwa amene adasiya ntchito kaamba ka msana, atanena kuti Loweruka apita ndi mdzukulu wake kukangoona phiri, mayi a kunyumba kwake adaseka mpaka misozi.

"Phiri la Bangwe si ili lili pakhomo pompano, abambo? Mukatayirenji ndalama ya ndiwo za sabata yonse poti mukaone miyala? Zimenezo n'za azungu."

Mkuluyo adangoti duu, koma chifukwa adali nacho. Kuchipinda kwake kudali bokosi la mkungudza limene adagula ku Likhubula akali mnyamata. Tsiku lina mdzukulu wake, mtsikana wa Fomu 3, ataphunzira kusukulu kuti mu 1984 mkungudza wa ku Mulanje udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi, adafunsa kuti, "Kodi agogo, mtengo umenewu umaoneka bwanji?" Mkuluyo adangotsekula bokosi lija kuti mwanayo anunkhize. Matabwa a mtengowo adawapala zaka zambiri, koma mtengo weniweniwo uli chiimire adali asadauonepo. Nkhaniyi idamuvuta mumtima.

Adakwera minibasi m'bandakucha pamsewu wa Midima. Kudali chiperoni cha mwezi wa Juni, ndipo m'nkhunguyo munkatuluka njinga zakapalasa motsatizana, iliyonse itasenza matumba a makala, eni ake akukankha thukuta lili kamukamu kulowera ku Limbe. Mtsikanayo adayamba kuziwerenga, koma asadafike pa Nkando adatopa nazo. Atawoloka mtsinje wa Thuchila nkhungu ija idayamba kuyera, minda ya tiyi idaonekera yobiriwira ngati mphasa yoyalidwa, ndipo kuseri kwake phiri lidangoti njo, lalikulu kuposa momwe mkuluyo ankalikumbukirira. Pa Chitakale adatsika n'kukwera njinga zamoto za kabaza mpaka ku Likhubula.

Kumeneko adapeza mnyamata wolondolera alendo njira. Iye adawalozera thanthwe la Chambe, loima chilili ngati khoma, n'kunena kuti nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ili kutali mkati ndipo siioneka kuchokera pamenepo. Ulendo wawo udali waufupi, wokathera pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba basi.

Munthu wokaona malo amaona zimene adapitira, komanso zina zimene sadaziyembekeze. Njira idadutsa m'mitengo ya misuku, mbalame zikulira uku ndi uku, mphepo yozizira ikutsika m'makwawa. Koma m'njira yomweyo ankapatukira amayi osenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, ndipo zitsa zidali mbwee, zina zikadali zaziwisi. Maso a mmisiri sabisidwa kanthu. Mkuluyo ankati akayang'ana chitsa n'kudziwa kuti apa padadutsa nkhwangwa, apa sowo.

"Nanga mkungudza uli pati, achimwene?" adafunsa mtsikanayo.

Mnyamatayo adayamba waseka, kenaka nkhope idagwa. "Kuno kumunsi sumera, chemwali. Umafuna pamwamba, pozizira. Koma ngakhale mutakwera lero, ikuluikulu simuipeza. Mukapeza mbande zimene anthu akubzala."

Zimene adanenazo n'zoona. Mtengo umenewu kwawo kwenikweni ndi phiri la Mulanje, ndipo matabwa ake sadyedwa ndi chiswe, mwayi umene udasanduka tsoka lake. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, komabe macheka ndi moto wolusa sizidaleke. Akatswiri atafufuza mu 2017 adapeza mitengo yokhwima 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza suthamanga kukula. Wobzala lero sadzaupala yekha. Mkulu uja adakumbukira bokosi lake, ndiponso zitseko ndi mafelemu onse amene adakhomera anthu a ku Limbe osafunsa kumene thabwa lachokera.

Phokoso la madzi lidamveka iwo asadafike. Mathithiwo amagwa kuchokera pathanthwe n'kuthira m'dziwe lakuya, lozizira mwakuti mtsikanayo atangoviikamo phazi adakuwa. Mnyamata uja adafotokoza kuti makolo ankati pamalopo pankaoneka nkhalamba, ndipo anthu ankabwera kudzathira nsembe. Ulemu umene anthu a Chilomwe, Chiyao ndi Chimang'anja akhala akupereka kwa mizimu ya m'phirili ndi umene udachititsa kuti mu 2025 bungwe la UNESCO liike Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse.

Atamva kuti alendowo achokera ku Bangwe, mnyamatayo adaomba m'manja. "Ndiyetu madzi awa ndi anu, madala! Mwabwera kudzaona kumene umayambira mpopi wanu."

Mkuluyo adayesa nthabwala. Koma kuyambira mu 2019, bungwe la Blantyre Water Board limatenga madzi mumtsinje wa Likhubula, kuwayendetsa m'mapaipi mpaka ku Nguludi kumene amayeretsedwa, n'kuwagawa ku Bangwe, Namiyango ndi madera ena a kufupi ndi Limbe. Ntchitoyi idagwirika ndi ngongole yochokera ku India. Nkhalango ndiyo imasunga mvula m'nthaka n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Ikatha, mtsinje umasefukira mu Febuluwale n'kuphwa mu Okutobala.

Mkuluyo adakhala pamwala nthawi yaitali osayankhula. Adakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, kuseri kwa phiri lomweli. Adakumbukiranso Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, iye n'kuchezera usiku wonse akuyang'ana phiri la Bangwe lopanda mitengo lija, kudikira kuti nalo liyamba liti. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Ndipo si kuno kokha ayi: ku Wayanad, boma la mapiri ndi minda ya tiyi m'chigawo cha Kerala ku India, kumene alendo amakonda kukaona nkhalango, phiri lidagumuka mu Julayi 2024 n'kupha anthu oposa 200 akali m'tulo.

Potsika, anyamata ogulitsa ziboliboli adawatsatira ndi timabokosi tonunkhira bwino. Mtsikanayo adakanyamula kamodzi n'kuyang'ana agogo ake. Mkuluyo adakatembenuza, adayamikira mapalidwe ake monga mmisiri mnzawo, kenaka adakabweza. M'malo mwake adagula nanazi ziwiri.

Adafika ku Bangwe dzuwa litalowa. Mayi aja adali pakhonde akukupiza mbaula, thumba la makala latsopano litatsamira khoma.

"Mwaiona miyala yanu ija, abambo?"

"Taiona, mayi."

Mtsikanayo adatenga ndowa n'kupita kumpopi. Madzi adayamba atsokomola kawiri, kenaka adatuluka. Iye adatchera dzanja, n'kuitana agogo ake kuti adzamve ngati akadali ozizira.