Agogo athu anaoneka pa kanema, koma wolankhula anali wina

Ukadutsa madzulo pa msika wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo, sulephera kumva phokoso la filimu likutuluka m'kachisakasa ka vidiyo sho. Pa sikirini pali Mtchaina kapena Mmwenye, koma mawu ndi a mnyamata wa kwathu konkuno amene akumasulira m'Chichewa, uku akuthiramo nthabwala zake. Ambirife timaona ngati luso limeneli ndi la dzulodzuloli. Chonsecho ntchito yoyankhulira filimu ndi yakale ngati mzinda wa Mzuzu womwewu, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife amene tikutuluka m'makoleji makamera ali m'manja.

Mzuzu inayamba mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung. Chaka chotsatira, mu 1948, boma la atsamunda linakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kuti izipangira mafilimu anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Ankaitsogolera ndi Alan Izod, ndipo mmodzi mwa ojambula ake anali Stephen Peet. Mafilimuwo ankayenda pa galimoto mudzi ndi mudzi. Kukada ankapachika chinsalu pabwalo, n'kuliza jenereta, anthu n'kukhala pansi. Oyambirira analibe mawu, choncho pankakhala womasulira amene ankafotokoza nkhani yonse pa chimkuzamawu m'chilankhulo cha deralo. Ameneyo ndiye agogo ake a mnyamata wa ku vidiyo sho uja, kungoti iye analembedwa ntchito kuti anene zimene boma likufuna.

Nanga boma linkafuna chiyani? Taonani The Two Farmers. Alimi ndi awiri: wina amamvera mlangizi n'kukolola zochuluka, wina amakakamira zake n'kusauka. Taonaninso Mulenga Goes to Town, momwe mnyamata wa kumudzi amatumidwa kukagulitsa nkhuku m'tauni, zinthu n'kumusokonekera. Uthenga wake ndi wosabisika: munthu wakuda malo ake ndi kumudzi, ndipo nzeru zimachokera kwa bwana. Kumbukirani kuti izi zinkaonetsedwa m'zaka zimene alimi a ku Nyasaland ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene, chifukwa cha malamulo a malimidwe. Mlimi amene wabwera kumene kuchokera kubwalo la milandu sankafunika womuuza kuti "wopusa" wa mufilimuyo akuimira ndani. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, gululi linayambanso kupanga makanema a nkhani otamanda chitaganyacho, ndipo chitatha mu 1963 nalonso linathera pomwepo.

Tsopano ikani pambali pa mafilimu amenewa filimu ina ya nthawi yomweyo, Come Back, Africa ya mu 1959. Anaijambula ku Johannesburg ndi Lionel Rogosin wa ku America, mozembera boma la tsankho, limene analinamiza za cholinga chake chenicheni. Nkhani yake anailuka pamodzi ndi Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane, atolankhani a magazini ya Drum, ndipo osewera ake sanali akatswiri a zisudzo. Zacharia Mgabi akusewera ngati bambo wochoka kumudzi amene akuyamba ndi ntchito ya mumgodi, kenako ya m'nyumba ya mzungu, ya pagalaja, ya muhotela, konseko chiphaso chikumutsekera njira. Pakati pa filimuyi pali chigawo chachitali cha m'shabini ya ku Sophiatown, dera limene boma linali likugwetsa kuyambira mu 1955. Can Themba ndi anzake akutsutsana za ndale, mowa uli patebulo, kenako Miriam Makeba akuimba. Palibe womasulira wowalankhulira. Akulankhula okha, akudulana mawu, akuseka.

Chigawo chimenechi ndinachionera pa laputopu m'chipinda changa ku Luwinga, ndipo maganizo anga anathamangira kwa agogo anga aamuna a ku Mzimba, amene anapita ku Joni ndi Wenela ali mnyamata. Zacharia ndi Mzulu, si wa ku Nyasaland, koma mizere ya amuna ovala zipewa za nyale akulowa pansi pa nthaka ndi yomweyo imene amuna a ku Mzimba ndi Nkhata Bay anaimapo. Agogowo nkhani za ku Joni ankazinena mwachidule: kuzizira, sutikesi, njinga imene anabwera nayo. Filimu ya munthu wa ku New York ndiyo inandionetsa mbali imene iwo ankailumpha. Rogosin nayenso anali mzungu wobwera, monga Izod ndi Peet. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anapita kukamvetsera, pamene enawo anatumidwa kukaphunzitsa. Ndipo kulankhulako kunali ndi mtengo wake: filimuyi inaletsedwa ku South Africa, ndipo Makeba, amene anapita nayo ku Venice mu 1959, anakanizidwa kubwerera kwawo mu 1960 pamene ankafuna kukaika maliro a mayi ake.

Mnzanga wina wa m'kalasi amati kuonera mafilimu a atsamunda ndi kutaya bandulo: bwanji kuwononga ndalama ya intaneti pa zinthu zotinyoza? Ndimamumvetsa, koma sindigwirizana naye. Choyamba, nkhani ya mufilimuyo ingakhale yopeka, koma anthu ali mmenemo ndi enieni. Nyumba, makasu, nsalu, kametedwe ka tsitsi, kayendedwe ka amayi atasenza mitsuko, zonsezi kamera inazigwira osafunsa boma. Ambiri mwa mafilimu a gululi amasungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, ndipo ndi gawo la mbiri yathu ngakhale ali kunja.

Chachiwiri ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Ambiri a ife amene tikuphunzira za utolankhani, zachitukuko kapena zaulimi, ntchito yathu yoyamba idzakhala ya pulojekiti. Adzatipatsa kamera ndi galimoto, n'kutituma ku Rumphi kapena ku Ekwendeni kukajambula "nkhani ya chipambano". Mayi wina adzaima pafupi ndi munda wake, adzanena ziganizo ziwiri zothokoza, kenako mawu a Chingelezi adzamuphimba n'kufotokoza kuti kale anali wosadziwa, lero watsegulidwa maso. Amene sanaonepo The Two Farmers adzajambula filimu yomweyo popanda kuzindikira, n'kumaganiza kuti wabweretsa zatsopano. Fodya wake ndi yemweyo, tangosintha pepala lopichirira.

Njira ina ilipo, ndipo ndi yakalenso. M'chaka chomwecho cha 1963, Ousmane Sembène wa ku Senegal anatulutsa Borom Sarret, kafilimu ka mphindi pafupifupi 20 kotsatira tsiku limodzi la woyendetsa ngolo ya hatchi ku Dakar. Palibe mlangizi, palibe wanzeru ndi wopusa. Timangomva maganizo a munthuyo mwini, mpaka pamene wapolisi akumulanda ngolo chifukwa cholowa m'dera la olemera. Aliyense amene anaonapo wakabaza akukankha njinga pa chitunda cha mu Mzuzu, kasitomala ali pambuyo, angaimve filimu imeneyi popanda womasulira. Kuno kwathu zinatenga nthawi, koma Shemu Joyah ndi Seasons of a Life, komanso Joyce Mhango Chavula ndi filimu yake ya Lilongwe, anaonetsa kuti Amalawi angathe kudzifotokoza okha pa kanema.

Ndiye pempho langa kwa inu anzanga ndi losavuta. Sakani Come Back, Africa ndi Borom Sarret, muonere muli gulu, kenako mutsutsane ngati a m'shabini aja. Ndipo pa holide ikubwerayi, ngati kwanu kudakali nkhalamba imene inapita ku Joni, ku Wankie kapena ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ikani foni patsogolo pake ndi kuifunsa m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa. Amuna amenewa atsala ochepa. Akayamba kulankhula, inu khalani chete.